Maso a Racheal Anapita Kukaona Sitima

M'nyumba ya bambo Mvula ku Wusakile munali mwana mmodzi wa makutu osankha. Mayi ake akakuwa kuti, "Barnabas, katunge madzi!" mawuwo ankalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Koma sitima ikangolira, ngakhale kutali ngati kumaloto, mnyamatayo ankasiya chilichonse chimene wagwira, liwiro la mtondo wadooka, ulendo wa kunjanji. Tsiku lina anasiya ndowa pampopi, ndipo ndowayo sinaonekenso mpaka lero.

Injini zonse zodutsa kumeneko anazipatsa mayina. Ina yotulutsa utsi wakuda ankaitcha Chifuwa, ina yoyenda monyinyirika ankaitcha Apongozi. Ankazidziwa ndi kulira kokha. Atafika sekondale, bambo ake anamubweretsera kamera yakale imene mnzawo wa ku mgodi anaitaya mtima, poganiza kuti mwina mwanayo adzakhala wojambula maukwati. Kumeneko kunali kuthira palafini pamoto. Mukamera monse munadzaza mabogi a mkuwa, mawilo, utsi ndi njanji.

"Ife tidzafa osajambulidwa m'nyumba muno," ankadandaula mayi ake, "koma zitsulo za eni zili ndi zithunzi kutsogolo ndi kumbuyo komwe!"

Amene ankamuikira kumbuyo anali mlongo wake wamkulu, Racheal. Barnabas akathawa ntchito, Racheal ankasesa m'malo mwake. Bambo akafunsa kumene wapita, Racheal ankati, "Ndamutuma ine." Mabodza amene mtsikanayo ananena chifukwa cha mlongo wake akanadzaza bogi yathunthu.

Tsono inafika nthawi yoti Racheal akwatiwe ndi Philemon, mnyamata wowotcherera zitsulo amene kwawo kunali kutsidya lina la komboni, nyumba yake yopereka msana kunjanji. A kwa Mvula, ngakhale kwawo kwenikweni n'ku Katete, anali atakhalitsa pa Kopala, dera la migodi ya mkuwa, moti mwambo wa chilanga mulilo unali utasanduka wawo. Pamwambowu akuchikazi amaphika ndiwo zamitundumitundu, monga nkhuku ndi chikanda, n'kukulunga mapoto m'zitenge, amayi n'kusenza kukapereka kwa mkamwini ndi ng'oma ndi nyimbo, kuti aone zimene azikadya kwa apongozi. Koma pali chinthu chimodzi chowawa: mkwatibwi mwiniwake sapita nawo. Amaphika, amatuluka thukuta, kenako amatsala kunyumba, anzake n'kukasangalala ndi ntchito ya manja ake.

M'mawa wa tsikulo Racheal anamukokera mlongo wake pambali, maso ali psuu ndi utsi.

"Banaba, sindinakupemphepo kanthu chibadwire. Lero maso anga ndiwe. Ndikufuna ndione nkhope ya Philemon pomwe azakhali akumasula poto wa nkhuku. Pomwepo basi. Ukandijambulira pamenepo, zina zonse ndakukhululukira."

"Asisi, zimenezo n'zofunsa? Ndijambula mpaka ntchentche yotera pa chikanda!"

Anatero akudziguguda pachifuwa, ndipo panthawiyo ankanenadi zoona.

Azakhali a Zipporah, mlongo wa bambo Mvula, ndiwo ankatsogolera ulendo. Anali mayi woti akayankhula ngakhale agalu a pamsewu amakhala pansi. Asananyamuke anaika lamulo.

"Mafoni m'zikwama! Sindikufuna munthu wovina ndi dzanja limodzi m'mwamba ngati akuitana minibasi. Wojambula tili naye, mwana wathu yemwe uyu. Ndipo akuchimuna ndikawauza zomwezi pageti."

Ng'oma zinalira, amayi anasenza, mzere unayamba kuyenda. Barnabas anali atangojambula misana ya amayi akutuluka pageti pamene foni inanjenjemera m'thumba. Anali Shadreck, mnzake wogwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area ku Ndola, pafupi ndi njanji.

"Mwana, Chiphadzuwa wadutsa kuno kalekale! Pofika ma twelofu akhala ali kwanu."

Chiphadzuwa inali injini yatsopano, yofiira ngati tomato wakupsa, imene anthu ankangoisimba. Iye anali ataisaka miyezi yambiri osaiona. Ikadutsa, iye ali m'kalasi. Akaidikira, kunkabwera Apongozi.

Apa m'pamene nzeru zopusa zinamunong'oneza, ndipo nzeru zopusa zimayankhula mokoma bwanji! Amayi osenza mapoto amayenda ngati nkhono. Akafika pageti la mkamwini salowa msanga, amayamba aima n'kuimba mpaka akuchimuna atawanyengerera. Akalowa pali kugwada, kusambitsa mkamwini m'manja, malonje osatha. Poto wa nkhuku amamasulidwa kumapeto. Munthu wamiyendo yake akhoza kuthamangira kumlatho wa anthu oyenda pansi, kujambula Chiphadzuwa akukhota, n'kubwerera asanamusowe n'komwe. Zoona, njanji yomweyo inkadutsa kuseri kwa nyumba ya Philemon isanafike kumlathoko, koma wojambula weniweni angajambule sitima kuseri kwa mpanda ndi mitengo ya mango? Zimenezo n'za ana.

Anatsalira pang'ono ngati akumanga nsapato, kenako anakhotera m'kanjira ka pakati pa nyumba, zii.

Kumlatho anapeza njanji ili phee, ikunyezimira padzuwa. Anakonza kamera, anasankha poima, anadikira. Kunadutsa mbuzi. Kunadutsa bambo wa njinga ya makala, amene anamuyang'ana n'kupukusa mutu. Barnabas anatsika n'kugunditsa khutu panjanji monga ankachitira ali mwana, koma chimene anapeza n'kupsa khutu basi. Mphepo ikatembenuka inkamubweretsera kulira kwa ng'oma kuchokera kutali.

"Pang'ono pokha," ankadziuza. "Ndikangochoka ibwera."

Dzuwa linapendeka. Ng'oma zija zinasiya kumveka. Apa mantha anamugwira zenizeni, nkhope ya Racheal inamubwerera ndi maso ofiira aja. Anakoleka kamera m'khosi n'kuyamba kuthamangira kwa Philemon, kudzera m'tinjira ta m'komboni, kulumpha ngalande, kupepesa amayi ogulitsa tomato. Atafika pakatikati, pomwe sitima sioneka ndipo nyumba ya Philemon sioneka, anamva kulira kumene sanakumvepo chibadwire, kosalala, konenepa.

Pooo!

Abale inu, munthu akafuna kugwa samva kuitana. Barnabas anaima, anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, ndipo miyendo inasankha yokha. Anabwerera kumlatho. Anakwera masitepe akupuma ngati galu, anakweza kamera, n'kujambula. Chimene chinalowa m'kamera chinali matako a bogi yomaliza, yakuda ndi dzimbiri, ikuzimiririka pokhota.

Pomwe ankafika kwa Philemon, malaya ali chonyowa ngati wagwa m'chitsime, anapeza anthu akutokosa m'mano. Mapoto anali mbee, zitenge zitapindidwa. Azakhali a Zipporah anamuona asanabisale.

"Uyo! Wojambula wathu uja wafika. Muimbireni m'manja!"

Amayi anaseka mpaka ena kugwirana mapewa.

"Azakhali, ndinangopita apa pomwepa..."

"Apa pomwepa kuti? Ine ndagwada pamphasa, mawondo okalamba ano. Ndamasula mfundo ya chitenge ndi mano, monga mwa mwambo, dzino langa logwedera lija likulira. Ndikumwetulira uku ndi uku kuti mwana wa mchimwene wanga andijambule bwino. Kodi ndimamwetulira ndani? Mitengo ya mango?"

Philemon, munthu wofatsa, anayesa kumupepesera. "Musadandaule alamu, mwina munatsekerezedwa ndi sitima ija."

"Sitima iti?" anafunsa Barnabas.

"Iyayi mukwai, simunaione?" analowerera mayi wina wa kuchimuna, akumuitana ndi mawu aulemu a kwawo. "Yofiira, yatsopano! Inaima apa kuseri kwa mpanda, akuti imadikira kuti aipatse njira. Inaima nthawi yonse ya mwambo. Woyendetsa anachita kusuzumira pawindo n'kumavina ndi mapewa. Tinamupatsira ntchafu ya nkhuku ndi chikanda pamwamba pa mpanda!"

Ndiye mafoni anatuluka m'zikwama. Lamulo la azakhali linaletsa kujambula mwambo, ndipo anthu analisunga ndithu, koma za sitima silinanenepo kanthu. Aliyense anali naye Chiphadzuwa. Ana anali naye, alamu anali naye, ngakhale gogo wina amene sadziwa kuyankha foni anali naye, wopendekeka koma wathunthu. Injiniyo inaima phee pakati pa mitengo iwiri ya mango, dzuwa likuiwalira bwino, woyendetsa atakweza ntchafu ya nkhuku m'mwamba. Mu Wusakile monse munthu mmodzi yekha ndiye analibe chithunzi chake.

Koma kuseka kwa amayi kunali kopepuka poyerekeza ndi zimene zinkamudikira kunyumba. Racheal anali atasamba, atakhala pakhonde, ndipo atangomuona anaimirira ndi chimwemwe cha mwana.

"Bwera, bwera! Anatani Philemon? Anaseka? Ndionetse!"

Barnabas anapereka kamera ngati akupereka khosi lake. Racheal anayamba kudina. Misana ya amayi pageti. Njanji yopanda kanthu. Njanji ina yopanda kanthu. Mbuzi. Matako a bogi. Anadinanso, zithunzi n'kubwerera poyambira.

"Ndadzuka nkhuku zisanatsike," anatero Racheal pomaliza, misozi ili lengelenge. "Manja awa apsa ndi mafuta. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti ndakutuma ine, ndisanakutume. Lero lokha ndinakutumadi, Banaba."

Mnyamatayo ananyonyomala pakhondepo.

Racheal anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenge, anayang'ananso chithunzi chomaliza chija, ndipo kamwa lake linayamba kunjenjemera mwa mtundu wina.

"Nanga sitima yakoyo, imene wandigulitsira, ndi imeneyi? Dzimbiri ili?"

"Imeneyo ndi bogi chabe, asisi. Injini inali itadutsa."

"Ndiye kuti kuno wataya, uko wataya?"

Anaphulika kuseka, misozi ikutsikabe, mpaka anakhala pansi. Ndipo chilango anachipeza pomwepo. Analamula kuti chithunzi cha matako a bogi chitsukidwe chachikulu, chiikidwe m'felemu. Mpaka pano chili pabalaza kwa Philemon, pafupi ndi zithunzi za ukwati zimene anajambula munthu wina wochokera ku tauni. Mlendo aliyense amafunsa kuti kodi chimenechi n'chiyani, ndipo Racheal amayankha mosangalala kuti, "Chimenecho ndi chilanga mulilo changa. Anajambula ndi mlongo wanga uyu, katswiri." Barnabas, amene tsopano ndi bambo wa ndevu zake, amangoyang'ana pansi n'kumamwa tiyi wake.

Nkhope ya Philemon pomwe poto wa nkhuku ankamasulidwa, Racheal sanaione ndipo sadzaiona. Tsiku limenelo kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, koma mwana wa bambo Mvula anafika kwawo ali chonyowa, atathamanga pakati pa mlatho ndi mapoto osapeza pousa. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.