Nyamalikiti ndi Mwana Wotulutsa Lilime

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, pansi pa mkuyu wina waukulu padali sukulu. Tili limodzi? Mphunzitsi wake adali Bilimankhwe. Ana ankamukonda chifukwa cha maso ake aja: lina linkayang'ana kutsogolo, lina kumbuyo, ndipo padalibe mwana amene ankaiwalika. Koma Bilimankhwe adakalamba. Kuyenda kwake mukukudziwa kale, ndiye taganizirani atakalamba. Ankanyamuka kwawo mbandakucha, n'kufika pasukulu ana akuweruka.

Tsono adalengeza kuti akufuna wina woti amusiyire choko. Adabwera Nyamalikiti, namwali wa khosi lalitali, amene ali mwana ankaphunzitsa zitsa ndi zulu posewera. Uphunzitsi ankaufuna ndi mtima wake wonse. Bilimankhwe adamuphunzitsa kukonza phunziro, kulemba pamwala wosalala, ndi kuyambitsa nyimbo ana akayamba kuodzera. Kenako adati nthawi yakwana yoti aime yekha pamaso pa ana. Lamulo lidali limodzi lokha: mwana mmodzi akangosiya sukulu chifukwa cha iye, choko sadzachiona. Atatero, nkhalamba ija idakakhala pakanthambi kumbuyo, diso lina pa mphunzitsi, lina pa ana.

Tsiku loyamba Nyamalikiti adaima njo, mutu uli m'masamba. Adauza ana kuti wodziwa yankho azikweza dzanja, ndipo adafunsa zimene zimaoneka mvula ikayandikira. Mwana wa Pusi, amene adakhala panthambi pafupi ndi mphuno yake, adakweza manja onse awiri, mwendo umodzi ndi mchira womwe. Adayankha. Funso lachiwiri, Pusi. Funso lachitatu, Pusi yemweyo. Ana ataweruka, Nyamalikiti adapita kwa Bilimankhwe monyadira, koma adamupeza atada bii.

"Mwana wanga, lero waphunzitsa ndani?"

"Ana onse, aphunzitsi."

"Waphunzitsa nthambi. Ana anali pansi."

Tsiku lotsatira Nyamalikiti adatambasula miyendo yakutsogolo uku ndi uku, natsitsa khosi. Msana udawawa, koma adaona zimene sadaone dzulo lake. Adaona mwana wa Kamba, mwana wa Nungu, mwana wa Chule, ndi kumapeto kwenikweni mwana wa Njoka atadzipinda. Adafunsa za bowa wodyedwa ndi bowa wakupha. Pofuna kusakondera, adati azisankha amene wayamba kukweza dzanja. Nanga woyamba akadakhala ndani? Pusi adali atatsika kale m'mwamba muja. Mwana wa Kamba naye ankadziwa, koma dzanja lake linkatuluka m'chigoba funso litadutsa kale.

Ndiye padali mwana wa Njoka uja. Nyamalikiti akangofunsa, iye lilime panja. Akafunsanso, lilime panja. Nyamalikiti adamudzudzula kuti mwano umenewo awusiye kwawo. Madzulo adapeza Bilimankhwe atatuwa mbuu, ndipo nkhalambayo idangomuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku linalo Nyamalikiti adadekhadi. Akafunsa funso, ankayamba wayimbitsa kanyimbo asanasankhe woyankha. Nyimbo ikamatha, kadzanja ka mwana wa Kamba kadali katatuluka. Adayankha bwinobwino, anzake adamuombera m'manja, ndipo iye adabisa mutu m'chigoba chifukwa cha chimwemwe. Nyamalikiti adasangalala kwambiri. Koma atacheuka, lilime lija lidali panja, likuvina kuposa kale. Mtima udamupsa. Adathamangitsa mwana wa Njoka kuti akakhale kuseri kwa chulu mpaka poweruka. Tsiku limenelo Bilimankhwe adali mbali ina wobiriwira, mbali ina wakuda. Nyamalikiti adangoyang'ana mbali yobiriwirayo n'kumapita. Paja safunsa adadya phula.

Kutacha, ana asanayimbe n'komwe nyimbo yoyambira, Mayi Njoka adatulukira, mwana wake ali pambuyo.

"Aphunzitsi, tabwera kudzatsanzika. Mwanayu akuti sukulu basi. Dzulo sanadye, wangogona chopindika."

Choko chidali chikupita, Nyamalikiti akuona. Adayamba kufotokoza kuti mwanayo ngwamwano, kuti amamutulutsira lilime pamaso pa anzake, kuti adamuchenjeza koma sadamve. Ali mkati mofotokoza adayang'ana mwana uja, naona misozi. Adakumbukira kuti adamudzudzula, adamuthamangitsa, koma sadamufunsepo. Adagwada mpaka chibwano chidakhudza fumbi.

"Tandiuza, mwana wanga. Lilime lija umatulutsiranji?"

Mwana uja adayang'ana amayi ake, kenako adayankha motsitsa mawu. "Munati wodziwa akweze dzanja. Ine dzanja ndilibe, aphunzitsi. Ndiye ndimakweza chimene ndili nacho."

Ngakhale mwana wa Pusi adatsitsa mchira. Nyamalikiti adagwidwa ndi manyazi aakulu, ndipo sadawabise.

"Pepa. Wolakwa ndine, osati iwe. Usanapite, ndiyankheko mafunso aja."

Abale, mwana uja adali atasunga mayankho onse, kuyambira tsiku loyamba lija! Adati mvula ikayandikira nyerere zimasamutsa mazira awo, ndipo iye amakumana nazo panjira. Adati mphepo ya mvula imakoma mwamtundu wina palilime. Adatchula bowa wodyedwa monga utale ndi manyame, natchulanso bowa amene ngakhale nkhono imamulambalala. Adayankha mafunso amene adafunsidwa, nayankhanso ena amene sadafunsidwe n'komwe. Ana adaomba m'manja, mwana wa Chule adalira mokondwa, ndipo Mayi Njoka, amene adabwera atakwinya nkhope, adayamba kudzitamandira kuti nzeru zimenezi n'zakuchikazi. Amayi ake atati tiye tizipita, mwana uja adakana. Adati atsala, chifukwa phunziro la lero silinayambe.

Pomwepo Nyamalikiti adafunsa mwana aliyense mmene angasonyezere kuti akudziwa. Mwana wa Kamba adati azitulutsa mutu, poti mutu umafulumirako kuposa dzanja. Mwana wa Nungu adati azigwedeza minga. Mwana wa Chule adati azifufumitsa khosi. Mwana wa Njoka adati lilime lomwelo. Mwana wa Pusi adauzidwa kuti dzanja limodzi ndi lokwanira, mchira uzipuma, ndipo akayankha kamodzi azidikira anzake. Adadandaula pang'ono, koma adavomera atapatsidwa udindo woyambitsa nyimbo.

Nyamalikiti atayang'ana kumbuyo, adaona Bilimankhwe atabiriwira thupi lonse ngati msipu wa mvula yoyamba. Adali atanyamula choko, akutsika kuti adzachipereke. Mwendo kutsogolo, kuima. Mwendo wina kutsogolo, kuimanso. Ana adayimba nyimbo zonse zimene ankazidziwa, nazibwereza. Nyamalikiti akadatha kungotambasula khosi n'kulandira choko chija, koma adadikira, poti kudikira adali atakuphunzira. Dzuwa lili paliwombo, nkhalamba idafika.

"Landirani, aphunzitsi," adatero Bilimankhwe.

Nyamalikiti adalira ndi chimwemwe atamva dzina limenelo.

Mpaka lero mukaona Nyamalikiti atatambasula miyendo, mutu uli pansi, musamuseke: akuona ngati pali mwana amene wamuiwala. Ndipo njoka ikakutulutsirani lilime, sikukutukwanani ayi, ikupempha kuti muisankhe. Komabe yankho lake mukamvere patali.

Phunziro lake nali: ana sakweza dzanja mofanana. Mphunzitsi wosakondera amawerama, amadikira, ndipo amafunsa asanalange. Nthano yanga yagona pamenepa. Amene adakwirira mbatata m'phulusa akaphule isanapserere.