Nsabwe za mu Kolala ya Lufeyo

Ana inu, khalani pansi ndikuuzeni za Lufeyo, mnyamata wa ku Mayani amene analembedwa usilikali pa nkhondo yaikulu ija. Anasiya mkazi wake, Nangozo, ali ndi pakati, n'kupita ku kampu kukaphunzira kuguba ndi kuombera mfuti. Anali waukhondo, koma matama ake, iii!

Tsiku lina kalata inafika yoti Nangozo wachira, mwana wamkazi. Sabata yomweyo sajeni analengeza kuti, "Loweruka ndiyendera zovala. Waukhondo apita kwawo masiku atatu, kenako tonse tikwera sitima ya kunkhondo. Wopezeka ndi nsabwe atsala pakampu, sapita kwawo."

Tsoka ilo, Lachinayi chitsulo cha mfuti chinatswanya chala chachikulu cha Lufeyo, achipatala n'kuchikulunga bandeji. Apo n'kuti nsabwe zitamulowa kale m'misoko ya malaya. Mukudziwa inu kuti nsabwe amaiswera pakati pa zikhadabo ziwiri. Anzake ankakhala padzuwa awiriawiri n'kumaswerana, koma iye ankabisala kuseri kwa tenti. Akaikanikiza ndi chala chimodzi, iyo inkangolowa mumsoko.

Mnzake wogona naye tenti imodzi, Zakeyu, anamupeza kumeneko.

"Achimwene, bweretsani malayawo tithandizane. Zikhadabo ndili nazo ine."

"Nsabwe, ine?" anatero Lufeyo. "Ndikungoona ulusi womasuka."

Loweruka sajeni anatembenuza kolala yake n'kupezamo zitatu, zonenepa bwino.

"Lufeyo, utsala."

Analira, munthu wamkulu, pamaso pa gulu lonse. Ine ndikaiganiza nkhaniyi chisoni chimandigwira, ngakhale kuti anazifuna yekha.

Zakeyu anapita kwawo, ndipo pobwerera ku kampu anapatukira ku Mayani, n'kubwera ndi kachingwe ka luzi.

"Ndamuyeza mwana wanu kuyambira kumutu mpaka kuphazi," anatero. "Ndi uyu."

Lufeyo anaika kachingweko m'thumba n'kukwera nako sitima. Mwana wakeyo Lufeyo anadzamuona ali kale ndi zaka zinayi, ndipo mwana ataona mlendo wa nsapato zazikulu anathawira kumbuyo kwa amake.

Kuyambira pamenepo, Lufeyo akaona munthu akukana thandizo chifukwa cha manyazi, ankatulutsa kachingwe kaja n'kunena kuti, "Chala chimodzi sichiswa nsabwe." Anthu anawatola mawuwo mpaka lero. Tanthauzo lake ndi lakuti vuto, ngakhale laling'ono, limafuna mnzako. Ukalibisa kuti asakuseke, limakulanda chinthu chimene sungachipezenso.