Dzenje la Awiri

Bina Miyoba, ndiye kuti amake a Miyoba, ankasefa madzi pa kansalu pang'onopang'ono, kuopa kuti dontho lingagwere pansi. Mvula inali italambalala chigwa cha Gwembe chaka chachiwiri, ndipo madzi ankapezeka pofukula mchenga mumtsinje wouma. Ntchitoyo ndi ya awiri: wina m'dzenje, wina pamwamba kukoka ndowa ya mchenga. Kwa zaka khumi mnzawo wa padzenje anali Bina Choolwe, a khomo loyandikana nalo.

Kenako kunabwera Ayaka, mtsikana wa ku Japan wogwira ntchito mongodzipereka, kudzaphunzitsa amayi kubzala mitengo yopirira chilala. Bungwe lomwe linamutuma linamuika kwa Bina Choolwe. Mtima wa Bina Miyoba unachita ngati wathiridwa tsabola.

"Mwadzuka bwanji, amake a mzungu?" Bina Miyoba ankatero pampanda. "Kodi mukumwabe madzi a mumchenga ngati ife abuluzi?"

Bina Choolwe, munthu wa mawu ochepa, ankangoyang'ana pansi.

Bina Miyoba anayamba kumukopa mlendoyo ndi phala la bwemba mpaka anazolowera pakhomo pawo. Atatero anakayamba dzenje lina kumtunda.

"Lakale lija likhale lanu," anauza mnzawo. "Ine wondikokera ndowa wachita kubwera pa ndege."

Ayaka sankadziwa kuti walowa pakati pa anthu. Ankakoka ndi mtima wonse, manja ali matuza okhaokha, ndipo dzuwa la Okutobala linamugwetsa kawiri. Mu Novembala nthawi yake inatha. Analira, nasiya chipewa chake, nakwera lole.

Madzi anathawira pansi. Bina Miyoba anatsika okha m'dzenje lowapitirira mutu, kunyumba mtsuko uli gwa, ana akudikira. Anadzaza mchenga m'ndowa, nayang'ana kumwamba. Kunali dzuwa lokha. Mchenga unayamba kugumukira m'mapazi mwawo, koma manyazi anawaletsa kuitana Bina Choolwe.

Mwadzidzidzi chingwe cha ndowa chinakungika. Ndowa inakwera. Pakamwa pa dzenje panasuzumira nkhope ya Bina Choolwe.

"Mwana uja sindinachite kumupempha, ndipo sindinamuletse kubwera kwanu," anatero. "Koma miyezi itatu ana anga amwa matope poti ndinalibe wondikokera, inu mukundiseka pampanda. Zinandiwawa, Bina Miyoba. Gwirani chingwechi mutuluke. Amene mudzakalambe naye pamchenga pano ndine. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."