Mabuku a Apongozi ndi Kandalama ka Siliva

Pali anthu amene akaona pepala amangoganiza zoyatsira moto. Mmodzi mwa iwo anali mmisiri wowotcherera zitsulo amene anzake ankamutcha Chimoto. Mukamupatsa geti lopindika, pofika masana limakhala litaima njo ngati msilikali. Koma mukamupatsa buku, amayamba walipima m'manja kuti aone ngati lingachirikize mwendo wa tebulo.

Apongozi ake aamuna anali okonza mawotchi. Kwa zaka makumi anayi ankasonkhanitsa ndalama zachitsulo zamakedzana, za mafumu amene ngakhale manda awo anaiwalika. Ndalamazo zinkakwana m'kachitini kamodzi. Chimene chinadzaza chipinda mpaka kudenga ndi mabuku a amalonda a ndalama zoterezi ndi a ku okushoni, aja okhala ndi chithunzi cha ndalama iliyonse ndi mbiri ya eni ake. Maso atayamba kuchita nkhungu, mkuluyo anavomera kusamukira kwa mwana wake wamkazi. Khumbo linangotsala limodzi: kandalama kake ka siliva kakaikidwe pa chionetsero cha zinthu zakale, dzina lake lili m'munsi mwake.

Tsiku losamutsa katundu mkuluyo anali ku chipatala cha maso. Chimoto anaima pakhomo la chipindacho, manja m'chiuno.

"Mayi a ana, chimulu chonsechi tizigona nacho pati? Padenga?"

"Dikirani abwere muwafunse," anatero mkazi wake.

"Ndifunsenji? Chuma ndi ichi." Anakhutchumula kachitini kaja pafupi ndi khutu. "Chitsulo sichiola. Zinazi ndi phwando la chiswe."

Makatoni asanu ndi awiri anapita pa wilibala kwa mayi wogulitsa misomali pakona, amene anawalandira ndi manja awiri poti zokulungira zinali zitamuthera. Mkuluyo atamva sanakalipe. Anangoti, "Chabwino, mkamwini. Lachisanu mundiperekeze."

Lachisanulo anakwera masitepe kupita ku kachipinda ka mayi wina waimvi, katswiri amene ankasankha zinthu za pachionetsero. Chimoto analowa akutukumula chifuwa. Anapeza mayiyo atavala magolovesi oyera, akutsegula buku lothothoka ngati akusintha thewera la khanda.

"Bukulo likudwala kodi, mayi?"

"Likukalamba, bambo. Ndi lalikulu kwa inu ndi ine."

Mayiyo anaika kandalama kaja pa nsalu yofewa, n'kukayang'ana ndi galasi lokulitsa. Anakatembenuza, n'kukatembenuzanso.

"Ngati n'kenikeni, padziko lonse todziwika tilipo tisanu ndi kamodzi. Koma tachinyengo tingadzaze ndowa. Inu ndinu mmisiri, mukudziwa kuti siliva amasungunuka, ndipo waluso amaumba chimene wafuna."

"Nanga mumazindikira bwanji?"

"Ndi mapazi ake." Anasisita buku lija. "Ndalama ikasintha mwini, amaijambula n'kuilemba umu. Buku lina likaisiya, lina limaitola. Mapazi a tisanu ndili nawo. A kachisanu ndi chimodzi ali m'kabuku ka wamalonda wina amene anatseka sitolo ine ndisanabadwe. Anasindikiza timabuku towerengeka. Ndakasaka zaka makumi awiri."

"Ka chikuto chobiriwira," anatero mkulu uja, maso ali kudenga. "Tsamba 31."

Ndipo anayamba kulakatula pang'onopang'ono, ngati akutchula makolo ake. Kandalamako kanali ka dokotala wa pa sitima ya pamadzi. Atamwalira, mkazi wake anakagulitsa kwa mphunzitsi. Mphunzitsiyo pothawa nkhondo anakasokera mu mpendero wa jekete, n'kuyenda nako miyezi itatu pansi, njala ikumukuta, osakasinthanitsa ndi buledi. Kuchoka apo kanafika kwa wamalonda uja, amene anakapereka kwa mkuluyo pothokoza kuti anamudzutsira wotchi ya malemu bambo ake, n'kusayina m'mphepete mwa tsambalo.

"Kumbuyo kwa khutu la mfumu kuli kachipsera konga mwezi watsopano. Maso angawa sangakaonenso, koma inu onani."

Mayi uja anaweramiranso pa galasi. Kenako anadzuka pampando n'kuima, monga amaimira anthu wamkulu akalowa. Anapatsa Chimoto galasilo. Kamwezi kanalipo, kakang'ono ngati nsidze ya nyerere. Chinthu chimene Chimoto ankachikhutchumula m'chitini ngati mabawuti chinali chitawoloka nyanja, chitagona m'thengo, chitaika m'manda eni ake anayi.

"Bambo, ine ndakukhulupirirani ndi mtima wonse," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Koma oweruza a chionetsero sawerenga m'mutu mwa munthu. Kabukuko kali kuti?"

Mkuluyo anangotembenuzira nkhope kumene mkamwini wake ankapumira.

Anthu a mumsewu umenewo amati chibadwire sanaone munthu wa chimimba ngati Chimoto akuthamanga choncho. Anafika pa benchi ya misomali thukuta lili kamukamu.

"Mayi, pepani, kabuku kobiriwira kaja!"

"Kaja? Iii, mukadakhala nato tina mukadandibweretsera. Mapepala ake olimba, misomali sinkaboola n'komwe. Kanatha Lachitatu."

Chimoto anasenza pamutu makatoni anayi otsala, limodzilimodzi, mpaka kunyumba, ndipo palibe anamumvanso akufunsa za pogona. Chionetsero chinatsegulidwa, anthu anadzaza, koma dzina la wokonza mawotchi silinaoneke pagalasi lililonse. Kandalamako n'kenikeni ndithu; akudziwa ndi anthu atatu okha, ndipo mmodzi mwa iwo wakalamba.

Mmisiri wa zitsulo anasunga chonyezimira n'kutaya chogwirira. Anaiwala zimene aliyense wodula mtengo amadziwa: nkhwangwa ikhulupirira mpini.