Mapazi a Nungu ndi Nyimbo ya Nkhanga

Senderani kuno, ndipo inu mukutafuna nzimbe uko mutafune pang'onopang'ono, timvane.

Kalekale, nyama zikadalankhula ngati ine ndi inu, panali Nungu ndi Nkhanga. Minda yawo inali yogundana malire, koma maganizo awo anali otalikirana. Nungu anali wowerenga. Akadzuka, kuwerenga mizere m'munda. Akadya, kuwerenga maungu otsala. Ngakhale minga ya pamsana pake ankaidziwa kuchuluka kwake. Nkhanga yekha zowerenga zinkamudutsa. Mukamufunsa kuti ana anu alipo angati, ankangoti, "Alipo onse." Koma malo akawaona kamodzi ankawasunga m'maso, ndipo ntchito iliyonse ankaiyimbira nyimbo.

Awiriwa ankanyozana, ndisakunamizeni.

"Achemwali, mutu wanuwo ndi chisekese," ankatero Nungu. "Umangolira basi."

"Nanga inu achimwene," ankayankha Nkhanga, "tsiku la maliro anu mudzadzuka kuti muwerenge anthu obwera."

Chaka china kunagwa njala, ndipo Nguluwe, mdyera uja, anayamba kuphwasula nkhokwe za anzake. Nungu ndi Nkhanga anangotsala ndi mtsuko umodzi wa nzama, mbewu ya onse awiri. Ikanadyedwa imeneyo, kudzala kunalibe. Choncho anagwirizana zokaukwirira kutchire mpaka mvula itabwera.

Nungu ndiye anasenza. Mtsuko unali wolemera, moti ankayenda dzandidzandi. Atafika pa mtengo wina wa mpoza anati, "Ndiyambira pano kuwerenga mapazi." Nkhanga anali pambuyo, akuyimba:

Senza, senza, mwini minga,
Phiri labisala kuseri kwa mlambe,
Senza, senza, usagwetse.

"Khalani chete, mukundisokoneza," anatero Nungu.

Nkhanga sanasiye. Ndipo miyendo ya Nungu, mwini wake osadziwa, inkaponda motsatira nyimboyo. Atakwanitsa mapazi makumi anayi ndi atatu anatula, anakumba, anakwirira, napita kwawo.

Miyezi inapita. Kunadza moto wolusa, unatentha tchire lonse, mitengo ing'onoing'ono nkusanduka zitsa. Kenaka kunagwa chizimalupsa, kamvula koyamba kaja kongoziziritsa phulusa. Mitambo inayamba kuchita mdima kummawa, ndipo aliyense anadziwa kuti mvula yodzalira yayandikira.

Tsiku loyamba Nungu anapita yekha. "Nkhani iyi ndi ya chiwerengero, sifuna oyimba," anatero. Atafika anapeza kuli bii, zitsa zokhazokha. Mpoza uja ndi uti? Anasankha chitsa, anawerenga, anakumba, osapeza kanthu. Anasankha china, osapeza kanthu. Chachitatu, chimodzimodzi. Anabwerera minga ili yotuwa ndi phulusa.

Tsiku lachiwiri Nkhanga anapita yekha. "Ine malo ndimawadziwa ndi maso," anatero. Anazungulirazungulira mpaka anaima pomwe phiri linabisala kuseri kwa mlambe, monga m'nyimbo yake muja. Njira anaipeza ndithu. Koma ayende mpaka pati? Anapalasa apa, anapalasa apo, anapalasa uko, mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Ali m'njira yobwerera, mvula yodzalira inakhuthuka, ndipo m'minda ya anzawo makasu anayamba kulira.

Tsiku lachitatu anakumana pamalire, aliyense maso ali pansi.

"Chiwerengero ndili nacho," anatero Nungu, "koma poyambira sindikupadziwa."

"Njira ndaiona," anatero Nkhanga, "koma polekezera sindikupadziwa."

Anapita limodzi, osaseka. Nkhanga anamuimika Nungu pomwe phiri silinkaoneka, ndipo pa mzere umenewo panali chitsa chimodzi chokha. Nungu anachinunkhiza nati, "Ndi mpoza uja. Kuchoka pano kulunjika ku mlambe, mapazi makumi anayi ndi atatu."

Pakamwa paja pomawerenga mokweza! Nguluwe anali atagona m'kangalande pafupi pomwepo, ndipo anamva zonse. Anavumbuluka nawakankhira kumbali.

"Zikomo pondiuza," anatero. "Mwavutika mokwanira, kudyako ndikuthandizani."

Anathamanga ndi mapazi ake akuluakulu, akuwerenga mwadyera, nalowetsa mphuno pansi. Pamene anakumbapo panali mudzi wa linthumbu. Linamulowa m'mphuno, m'makutu, ndi kwina kumene sinditchula poti pano pali akuluakulu. Anathawira kumtsinje akulira, osacheuka.

Ndiye Nungu anaima pachitsa. Anayenda mofulumira poti mtima unali m'mwamba, anawerenga makumi anayi ndi atatu, nakumba. Anakumba mpaka dzenje linamumeza. Mtsuko munalibe.

Apa Nungu anakhala pansi nalira. Ine amene ndikukuuzanine zimandimvetsa chisoni, poti anali asanalakwitsepo chiwerengero chibadwire.

"Ndatayitsa mbewu," anatero. "Ana anu adzafa ndi njala chifukwa cha ine."

Nkhanga anapendeketsa mutu monga amachitira, akuyang'ana mapazi a Nungu m'matope.

"Achimwene, tsiku lija simunayende chonchi."

"Phazi ndi phazi, achemwali."

"Ayi. Lero mwayenda ngati akukuthamangitsani agalu. Tsiku lija munali ndi katundu pamutu, mapazi anu anali aafupi. Ndikukuonani m'maso mwangamu mpaka pano. Ndiponso munkavina nyimbo yanga."

"Ine kuvina?"

"Munkavina. Bwererani pachitsa."

Nungu anabwerera. Nkhanga anamusenzetsa mwala wolemera ngati mtsuko uja, naima pambuyo pake, nayamba:

Senza, senza, mwini minga,
Phiri labisala kuseri kwa mlambe,
Senza, senza, usagwetse.

Miyendo ya Nungu inakumbukira yokha. Dzandi, dzandi, iye akuwerenga, mnzake akuyimba. Makumi anayi ndi atatu anakwanira dzenje lake lija likadali patsogolo ndithu. Anatula mwala, anakumba pang'ono chabe, chikhadabo nkugunda chinthu, kho. Unali mtsuko, nzama zili zouma bwinobwino, ngakhale imodzi yofumbwa panalibe.

Nungu anagwada m'matope momwemo nawomba m'manja.

"Achemwali, ndinakuuzani kuti mukhale chete. Mukanandimvera tsiku lija, bwenzi tikudya chiyani chaka chino? Zikomo. Chisekese chija chatipulumutsa."

Nkhanga naye anagwada, misozi ili m'maso.

"Zikomo ndi inu. Ine ndikanapalasa mpaka kukafika ku mlambe, zala zonse nkutha. Nyimbo yanga inalibe polekezera."

Anadzala tsiku lomwelo, nthaka ikadali yonyowa. Nungu ankayeza mipata ya mapando, Nkhanga akuyimba kuti msana usamveke kuwawa. Dzuwa litapendeka anakhala pamalire kupuma, ndipo Nkhanga anafunsa mwamanyazi.

"Achimwene, tandiuzani zoona. Ana angawa alipo angati?"

"Asanu ndi awiri."

"Ine ndimayesa asanu ndi mmodzi."

"Ndikudziwa," anatero Nungu. "Kamodzi kamakonda kutsalira kuseri kwa chulu. Ndimakabweza madzulo alionse."

Nzama zinabereka chaka chimenecho, ndipo ana asanu ndi awiri onsewo anakhuta. Nguluwe yekha mpaka lero akukumbabe ndi mphuno paliponse, chiwerengero ali nacho koma nyimbo alibe.

Tsono inu mwamva. Ena mwa inu mumaganiza powerenga ndi kuika zinthu m'mizere, ena mumaganiza poona ndi poyimba. Mnzanu akamaganiza mosiyana ndi inu musamuyese chitsiru, mumuthokoze, chifukwa chimene mutu wanu wataya chimakhala chitasungidwa m'mutu mwake.

Nthano yanga ndaitula pano, ndipo amene watsala ndi nzimbe andibenthuleko mfundo imodzi, kukhosi kwauma.