Kachikwama ka Mlamu wa ku Sikotilandi

Swala ya masana itatha kumzikiti, Sumani, mmisiri wosoka nsapato ndi malamba pamsika wa Balaka, anafika pakhonde la Shehe Mtalika atakoleka zikopa ziwiri paphewa. Anapereka salamu n'kukhala pansi. Anayamba kukamba za ukwati, n'kulumphira ku za mbuzi, kenaka za siketi, mpaka Shehe anamupempha mofatsa kuti ayambe ndi chimodzi.

Nkhani inali yakuti mlongo wake, Mwanaisha, ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Sikotilandi amene anali atangolowa kumene Chisilamu. Mnyamatayo ankafuna kudzavala za kwawo pa nikahi, mwambo womangitsa ukwatiwo. Chovala chake n'chonga siketi, chilibe matumba, choncho kutsogolo kwake kumalendewera kachikwama kachikopa kaubweya. Mnyamatayo anamuonetsa Sumani chithunzi pafoni, nati safuna kogula, akufuna kosokedwa ndi manja a mlamu wake.

Sumani anayala zikopa zija pamkeka. China chinali cha ng'ombe yozinga mwa Chisilamu, cholimba koma chopanda ubweya, chosasiririka. Chinacho chinali cha mbuzi, chofewa, cha ubweya wautali wakuda ndi woyera, ndendende za pachithunzi. Vuto linali lakuti mbuziyo inafa yokha m'khola, ndipo ukwati unali utayandikira moti nthawi yofufuta chikopa china panalibe. Anali atafunsa kale anthu. Wina anati chonsecho n'chodetsedwa, wina anati chikafufutidwa chayera, pomwe amalume ake anati chikopacho achisiye, iwo chowadabwitsa n'chakuti mwamuna wamkulu avale siketi pamaso pa akuchikazi.

Sumani atamuonetsa pafoni, Shehe anayang'anitsitsa chithunzicho, navomera kuti chovala chotere sanachionepo chibadwire. Kenaka anafunsa ngati mkamwiniyo adzaswali atavala kachikwamako. Sumani anati inde, adzalowa nako mumzikiti.

“Aphunzitsi anga anandiuza kuti kufufuta kumayeretsa chikopa cha nyama yofa yokha, koma ubweya wake ayi,” anatero Shehe. “Alipo ophunzira ena amene amaona mosiyana, ndipo sindiwanyoza. Ine ndikukuuzani zomwe ndinalandira, zomwenso timatsata pamzikiti uno.”

Sumani anatembenuza cha mbuzi chija, n'kuchitembenuzanso. Akachimeta ubweya, kukongola kwatha. Akatenga cha ng'ombe, mlamu adzati sanamvetse chithunzi, ndipo abale a mlamuyo ochokera kutali adzamuseka. Anasisita ubweyawo kanthawi, kenaka anatsitsa mawu.

“Koma Shehe, mundikhululukire, mlamu wangayo ndi wachilendo m'chipembedzo. Za kuzinga sazidziwa bwino, ndipo za mbuziyi palibe amene angamuuze. Munthu amene sakudziwa, Allah angamuwerengere tchimo?”

“Sangamuwerengere.”

“Ndiye kuti palibe vuto?”

Shehe anapinda chikopa cha mbuzi chija bwinobwino, ubweya mkati, namubwezera ndi manja awiri.

“Che Sumani, inuyo mungaswali mutavala chimenechi?”

Sumani anaweramitsa mutu, nati sangatero.

“Mlamu wanuyo kwawo masitolo a zikwama zotere alipo, koma wawasiya n'kubwera kwa inu. Zimene sakudziwa wazisiya m'manja mwanu. Musokereni cha ng'ombecho, ndipo mukamuuze chifukwa chake. Akakhumudwa, akhumudwe akudziwa zoona. Koma musamuimike pamzere wa swala pambali panu atavala chinthu chimene inu mukadavula pakhomo.”