Thumba la Bwampini m'Khoma la Mtsinje

Kudali chaka china cha njala, nyama za kudambo zitatopa ndi kuthawa madzi osefukira dzinja lililonse. Njati, wapampando wa komiti ya mudzi, adaitanitsa msonkhano. Adagwirizana kumanga khoma la matumba a mchenga m'mbali mwa mtsinje, ndiponso kusunga chimanga cha mbewu pachulu, kuti madzi akaphwa adzabzale kudimba.

Bwampini adawomba nawo m'manja, koma m'mimba munkalira.

Tsiku lina masana, anzake onse ali kokumba mchenga, adagubuduza thumba limodzi la mbewu kuchoka pachulu, nalipaka matope. Una wake aliyense ankaudziwa, choncho kobisa kudalibe. Posakhalitsa adaona Njati akubwera.

"Atsibweni, thumba la mchengali landikanika. Kamsana kangaka n'kamasewera."

Njati adalikweza ndi nyanga. "Mphwanga, bwanji likupepuka chonchi?"

"Thumba n'lolemera ndithu, koma mphamvu ndi zanuzo. Mwadya chiyani lero?"

Njati adaseka, nakaliyala pakati penipeni pa khoma. Ndani angapasule khoma la mudzi pofunafuna chakuba?

M'mawa mwake kudabwera Mvuu, amene ntchito yake idali kupondaponda khoma kuti lilimbe.

"Azakhali, apa musavutike, ndapondapo kale," adatero Bwampini.

"Iwe? Ndi timiyendo timeneto?"

"Chabwino, pondani. Kungoti pali linthumbu, ndipo mukudziwa kumene limakonda kulowa."

Mvuu adalambalala, mchira ataupanikiza.

Zitadziwika kuti thumba limodzi la mbewu lasowa, Bwampini ndiye adakwiya kuposa onse. "Akuba achuluka! Mawa adzatibera ndi mchenga womwe. Ine ndizilondera khomali." Onse adamutama. Iye adakumba kanjira kolowa m'khoma, ndipo tsiku ndi tsiku ankatapa chimanga ndi masaya kupita nacho kuuna wake.

Tsiku lina potuluka adakumana ndi Nkhwali, mayi wamasiye amene chisa chake chidakokoloka chaka chatha.

"Achimwene, inu mumalidziwa khomali. N'lolimba? Ndikufuna kuikira mazira kunsi kwake kuno."

Masaya a Bwampini adali tho ndi chimanga. Akadatsegula pakamwa, zonse zikadawululika. Adangovomera ndi mutu.

"Zikomo, achimwene. Tsopano mtima wakhala pansi."

Chimanga cha tsiku limenelo sichidamukomere. Komabe adachimaliza.

Madzi adafika masana, kunja kuli ngwee, chifukwa mvula idagwa kumapiri. Bwampini adamva nthaka ikunyowa pansi pa mapazi ake, pomwe padali thumba lija, lomwe tsopano lidali chiguduli chabe. Adazengereza, poganiza zimene adzayankhe akadzamufunsa kuti wadziwa bwanji. Pamene ankafuula kuti "Thawirani kuchulu!" n'kuti khoma litang'aluka kale.

Ena amati madziwo adamiza mitengo. Sizidafike pamenepo: adangolekeza m'mawondo mwa Njati, ndipo palibe adafa. Koma mazira asanu ndi awiri a Nkhwali sadafune madzi ambiri kuti akokoloke.

Pachulu paja Njati adakhala chozyolika. "Mlandu ndi wanga. Pali thumba lina linkapepuka, ine osalimasula."

"Ayi, ndi wanga," adatero Mvuu. "Pali pena sindidapondepo."

Manyazi sadawalole kunena chimene chidawapusitsa. Nkhwali adasendera kwa Bwampini. "Pakadapanda mawu anu, achimwene, ndikadapita limodzi ndi mazira anga."

Bwampini adafuna kuyankha. M'kamwa mudalibe kanthu ulendo uno, koma adangovomeranso ndi mutu.

Madzi adaphwa, Bwampini nayamba kupuma bwino. Koma patatha sabata, m'matope mudamera chimanga, mzere umodzi wowongoka, kuchokera pogumuka paja mpaka pakhomo pa una wake. Zidali njere zimene zinkamugwa m'masaya.

Mudzi wonse udatsata mzerewo mwakachetechete.

"Atsibweni, mbewu zimayenda ndi madzi," adayamba Bwampini. Kenaka adaona Nkhwali akumuyang'ana, ndipo bodzalo lidamuthera pakhosi. "Ndine. Ndidaba, ndidadya, ndipo mayiwa ndidawanamiza."

Njati adakweza chiboda.

"Musiyeni," adatero Nkhwali. "Mukamuponda, mazira anga abwerera? Chimangachi tichilimire, chisafe. Khoma timangenso. Ine chisa changa ndikukamanga kumtunda. Malo anga aja, kunsi kwa khoma, akhalepo mlonda wathuyu."

Zidaterodi. Kuyambira pamenepo Bwampini amanunkhiza thumba lililonse lisanayalidwe, ndipo Mvuu akalumpha malo, amamuthamangira kuti abwerere adzapondenso. Khoma silidagumukenso. Ena amati Bwampini adalapa, ndipo mwina n'zoona. Koma tisaiwale kuti madzi akadzabowola, woyamba kunyowa adzakhala iyeyo.